Mabuku a Ayebia: Nkhani za Kwathu Zosindikizidwa ku Banbury

Ambiri mwa ife amene tikukhala kuno ku Britain tikamva dzina loti Banbury timangokumbuka siteshoni yomwe sitima imaimapo pang'ono munthu akamachoka ku Oxford kulowera ku Birmingham. Ndi ochepa amene amadziwa kuti m'tauni imeneyi, yomwe ili m'chigawo cha Oxfordshire, ndi momwe munabadwira kampani yaing'ono yosindikiza mabuku yotchedwa Ayebia Clarke Publishing. Kampaniyi inayamba ngati ntchito ya banja limodzi, koma inatulutsa ena mwa mabuku omwe akukamba ndendende zomwe zikuchitika m'nyumba zathu: mwana amene waiwala chiyankhulo cha makolo ake, kholo lomwe lasenza mudzi wonse pamutu, komanso mbiri ya dziko lathu yomwe sitinawauze ana athu. M'nkhani ino tiona chiyambi cha kampaniyi ndi ena mwa mabuku ake, pofuna kuthandiza makolo ndi ophunzira kusankha choti awerenge.

Chiyambi cha kampaniyi

Amene tinaphunzira sekondale kumudzi tikukumbuka mabuku a African Writers Series omwe inkasindikiza kampani ya Heinemann, ambiri mwa iwo a chikuto cha mtundu wa lalanje. Mndandanda wa mabukuwa unayamba m'chaka cha 1962 ndi buku la a Chinua Achebe lotchedwa Things Fall Apart, ndipo a Achebe omwewo ndiwo anali mlangizi posankha mabuku kwa zaka 10 zoyambirira. Amalawi nawonso anali momwemo. Munali No Easy Task la a Aubrey Kachingwe, The Detainee la a Legson Kayira, Of Chameleons and Gods la a Jack Mapanje ndiponso Smouldering Charcoal la a Tiyambe Zeleza, lomwe ambiri tinaliwerenga m'kalasi.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mabuku a mumndandandawu anali atapitirira 300. Koma kampani ya Heinemann inali itasintha eni ake kangapo, ndipo eni atsopanowo ankaona phindu lalikulu m'mabuku ophunzitsira m'sukulu kusiyana ndi nthano ndi ndakatulo za ku Africa. Kotero analeka kulandira mabuku atsopano mumndandandawu. Mmodzi mwa anthu amene anakhudzidwa anali mayi Nana Ayebia Clarke ochokera ku Ghana, amene anagwira ntchito kumeneko zaka 12 yowerenga ndi kusankha zolemba zomwe alembi ankatumiza. M'malo mongodandaula, m'chaka cha 2003 mayiwa pamodzi ndi amuna awo a David Clarke anayambitsa kampani yawoyawo. M'chaka cha 2011 mayi Clarke analandira ulemu wa MBE chifukwa cha ntchito yosindikiza mabukuyi.

Kuti timvetse kulimba mtima kwa anthu otere, tiyenera kudziwa momwe malonda a mabuku amayendera. Wosindikiza amalipira wokonza zolemba, wojambula chikuto ndi makina osindikizira buku lisanagulidwe ndi limodzi lomwe. Likafika m'sitolo, mwini sitolo amatengapo gawo lalikulu pa mtengo wake, ndipo m'dziko muno mabuku akapanda kugulidwa sitolo imatha kuwabweza kwa wosindikiza. Kampani yaikulu ikaluza pa buku limodzi imabweza ndalamazo pa mabuku ena ambirimbiri. Kampani yaing'ono ilibe pothawira potero. Buku lililonse lomwe yasankha imakhala yaikapo thukuta lake lenileni.

Nervous Conditions: buku loyambira makolo

Ngati banja lingakwanitse buku limodzi lokha, ife tikuti liyambe ndi Nervous Conditions la mayi Tsitsi Dangarembga a ku Zimbabwe. Bukuli linatuluka koyamba m'chaka cha 1988 ku London kudzera ku kampani ina yaing'ono ya The Women's Press, osindikiza a kwawo atalikana. Linali buku loyamba la nthano yaitali m'Chingerezi lolembedwa ndi mayi wachikuda wa ku Zimbabwe, ndipo mu 1989 linapata mphoto ya Commonwealth Writers' Prize m'chigawo cha Africa. A Ayebia analisindikizanso m'chaka cha 2004, n'kulibweretsa kwa owerenga a m'badwo watsopano.

Nkhaniyi ikuchitika m'dziko la Rhodesia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo akuifotokoza ndi Tambudzai, kapena kuti Tambu, mtsikana wa m'banja losauka la kumudzi kufupi ndi Umtali, mzinda womwe lero ukutchedwa Mutare. Bambo ake saona chifukwa chophunzitsira mwana wamkazi, choncho ndalama zochepa zomwe zilipo zikupita kwa mchimwene wake Nhamo. Tambu akulima kamunda kake ka chimanga n'cholinga choti agulitse chachiwisi apeze fizi. Mwayi wake weniweni ukubwera kudzera m'maliro: Nhamo atamwalira, bambo awo aakulu, omwe m'bukumo akutchedwa Babamukuru ndipo ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu ya mishoni, akumutenga Tambu kuti alowe m'malo mwake.

Kumishoniko Tambu akugona chipinda chimodzi ndi Nyasha, mwana wa bambo aakuluwo, ndipo apa ndi pamene bukuli likutikhudza ife a kuno. Nyasha ndi mchimwene wake Chido anakhala zaka 5 ku England pamene makolo awo ankachita maphunziro. Pobwerera kwawo, Chishona chinali chitawathawa. Nyasha akuvala mosiyana ndi anzake, akuyankha akulu mowayang'ana m'maso, akufunsa mafunso omwe mwana wa kumudzi sangayerekeze kufunsa. Achibale akumuona ngati wamwano, anzake kusukulu akuti amadziyesa mzungu, pamene iye sanasankhe kupita ku England ndipo sanasankhe kubwerako. Mkangano wake ndi bambo ake ukukula mpaka kugwirana. Kenaka mtsikanayu akuyamba kudzisanzitsa akangomaliza kudya, akuwerenga usiku wonse, akuwonda mpaka kutsala mafupa okhaokha. Atapita naye kwa dokotala wa matenda a maganizo, dokotala woyambayo, yemwe ndi mzungu, akukana kuti mwanayo akudwala, ati anthu akuda sadwala matenda otere.

Ife anamwino tikawerenga gawo limeneli timagwidwa nthumanzi, chifukwa maganizo a dokotala ujawa adakalipo, ndipo masiku ano amamveka kwambiri m'nyumba zathu zomwe. Timati matenda okana kudya, omwe kuchipatala amatchedwa anorexia ndi bulimia, ndi a ana a azungu. Si zoona. Matendawa sasankha khungu, ndipo amagwira anyamata omwe. Anorexia ndi amodzi mwa matenda a maganizo omwe amapha anthu kwambiri, chifukwa thupi likasowa chakudya nthawi yaitali mtima umafooka, ndipo kusanza pafupipafupi kumasokoneza mchere wa m'magazi womwe umathandiza mtima kugunda bwino.

Vuto lathu ndi loti kwathu chakudya ndi chikondi komanso ulemu. Mwana akakankha mbale ya nsima yomwe mayi aphika atangoweruka ku ntchito ya usiku, timaona mwano, sitiona matenda. Timakalipa, timakakamiza, ndipo mwanayo amaphunzira kubisa. Zizindikiro zoyenera kuziyang'anitsitsa ndi monga kudumpha chakudya ponena kuti wadya kale kusukulu, kuthamangira kubafa akangomaliza kudya, kuvala zovala zikuluzikulu zobisa thupi, kumva kuzizira nthawi zonse, kuchita masewera olimbitsa thupi mopitirira muyeso, ndiponso kusiya kusamba kwa mtsikana yemwe anali atayamba kale. Mukaona zotere musadikire. Pitani naye kwa dokotala wa m'dera lanu, amene kuno timamutcha GP, ndipo bungwe la Beat limapereka uphungu kwa odwala ndi mabanja awo. Kuongola mtengo mpoyamba; chithandizo chikayamba msanga mwayi wochira umakhala waukulu.

Koma bukuli silikuweruza makolo mwachisawawa, ndipo uwu ndiwo ubwino wake. Babamukuru si chilombo. Ndi munthu amene anavutika kuti aphunzire, amene akulipirira fizi ana a abale ake, kukonza nyumba za kumudzi ndi kudyetsa khamu lonse pa Khirisimasi. Chifukwa choti wapereka zambiri, akuyembekeza kuti aliyense amumvere popanda kufunsa. Mkazi wake, Maiguru, ali ndi digiri yachiwiri ngati mwamuna wakeyo, koma malipiro ake amathera pa zosowa za abale a kuchimuna ndipo palibe amamuthokoza. Ndani mwa ife amene timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi sangadzione mwa anthu awiriwa? Ndi angati mwa ife timauza ana kuti tinawabweretsa kuno kuti aphunzire, kenaka n'kukwiya maphunziro omwewo akawasandutsa anthu ofunsa mafunso? Mayi Dangarembga akuzidziwa bwino zimenezi. Iwo anakhalako ku England ali mwana, ndipo atakula anadzayamba maphunziro a udokotala ku Cambridge asanabwerere kwawo mu 1980 komwe anakaphunzira za maganizo a anthu.

The Book of Not: kulimbikira kopanda mphoto

M'chaka cha 2006, patatha zaka 18, a Ayebia anatulutsa buku lachiwiri lopitiriza nkhani ya Tambu lotchedwa The Book of Not. Tambu tsopano ali pasukulu ya masisitere ya atsikana achizungu, komwe atsikana achikuda ochepa omwe aloledwa akupanikizana m'chipinda chimodzi. Kunja nkhondo yomenyera ufulu yafika povuta, ndipo mng'ono wake Netsai waduka mwendo ndi bomba lokwiriridwa pansi. Tambu akukhulupirira kuti akalimbikira ndi kudzichepetsa adzalandiridwa. Akukhoza mayeso kuposa onse, koma chikho cha ulemu chikupita kwa mtsikana wachizungu. Atayamba ntchito pakampani yotsatsa malonda, luso lake likutamandidwa m'dzina la munthu wina.

Tinene chilungamo, bukuli ndi lolemera ndipo silithamanga ngati loyamba lija. Pena wowerenga amatopa naye Tambu chifukwa chosafuna kuona zomwe zili poyera. Komabe ophunzira athu a m'makoleji, ndi ife tonse amene tikugwira ntchito pakati pa eni dziko, tipezamo funso lofunika: kodi munthu angadzichepetse kufika pati asanadzitaye yekha? Tambu akulimbana kwambiri ndi mawu a Chishona oti unhu, omwe ndi umunthu womwewu timaunena kwathu.

Pali phunziro lina pa mbiri ya mabuku awiriwa. Buku lachitatu la nkhani ya Tambu, This Mournable Body, linafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Booker mu 2020, ndipo mu 2021 kampani yotchuka ya Faber inasindikizanso mabuku awiri oyamba aja. Dziko lonse linayamba kuwatama mayi Dangarembga. Koma m'zaka zomwe dzina lawo silinkamveka kwambiri m'masitolo akuluakulu, amene anasunga mabuku awo pamsika m'dziko muno inali kampani ya ku Banbury ija.

And Crocodiles Are Hungry at Night: mbiri yomwe ana athu sakuidziwa

Buku lomwe likutikhudza mwachindunji ngati Amalawi ndi la a Jack Mapanje, And Crocodiles Are Hungry at Night, lomwe a Ayebia anasindikiza m'chaka cha 2011. A Mapanje, mlakatuli wobadwira m'boma la Mangochi mu 1944, anali mkulu wa nthambi ya Chingerezi pa Chancellor College ku Zomba. Buku lawo la ndakatulo la 1981 lija linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu a ku Malawi mu 1985. Pa 25 September 1987 apolisi anawagwira ku Gymkhana Club mumzinda wa Zomba n'kukawatsekera kundende ya Mikuyu. Anakhalako zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16, osazengedwa mlandu komanso osauzidwa chomwe analakwa, kufikira pamene anatulutsidwa mu May 1991. Chaka chomwecho anabwera kuno ku Britain ndi banja lawo n'kukhazikika ku York.

Mutu wa bukuli ukukumbutsa mantha a nthawi imeneyo, pamene anthu ankaopsezedwa poyera kuti wotsutsa boma adzadyedwa ndi ng'ona. M'bukumo a Mapanje akufotokoza moyo wa tsiku ndi tsiku wa ku Mikuyu: kuvulidwa zovala pofufuzidwa, nsima ya nyemba zofumbwa, matenda opanda chithandizo chokwanira, ndi kusaloledwa kukhala ndi cholembera kapena pepala. Koma si buku la misozi yokhayokha. Muli nthabwala za akaidi, mikangano yawo, mapemphero awo, ndi nzeru zomwe ankagwiritsa ntchito potumiza mauthenga kunja pa timapepala ta sopo ndi ta m'chimbudzi, mothandizidwa ndi ena mwa oyang'anira ndende omwe anaika moyo wawo pachiswe. Mauthengawa ankafika kwa abwenzi monga wansembe wa ku Ireland, bambo Pat O'Malley, ndipo kuchoka apo ankafika kwa mabungwe a Amnesty International ndi PEN. Alembi otchuka, kuphatikizapo a Harold Pinter, anakachita zionetsero pa ofesi ya kazembe wa Malawi ku London, ndipo mu 1988 a Wole Soyinka anakalandira mphoto ya ndakatulo ku Rotterdam m'malo mwa a Mapanje. Ife a zachipatala sitingaiwale kuti mmodzi mwa omangidwa ku Mikuyu anali Dr George Mtafu, yemwe panthawiyo anali dokotala yekhayo wochita maopaleshoni a ubongo m'dziko lonse la Malawi. Dziko losowa madokotala linatsekera katswiri wotere m'ndende.

Bukuli ndi lalikulu, masamba ake ndi opitirira 400, ndipo muli mayina ambiri omwe mwana wobadwira ku Leeds kapena ku Glasgow sangawadziwe. N'chifukwa chake tikupempha kuti makolo aliwerenge limodzi ndi ana awo akuluakulu. Ana athu amaphunzira kusukulu za mafumu a ku England ndi nkhondo ziwiri za dziko lonse, koma ambiri sadziwa kuti dziko la makolo awo linali pansi pa chipani chimodzi, kuti kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu March 1992 inagwedeza dziko, kapena kuti pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa referendamu kusankha zipani zambiri. Ambiri mwa ife tinakula tikuuzidwa kuti makoma ali ndi makutu, ndipo chizolowezi chokhala chete tinakwera nacho ndege. Buku ili limatsegula pakamwa. Mwana akawerenga amafunsa kuti, kodi agogo anali kuti nthawi imeneyo? Pamenepo ndiye kuti kucheza kwayamba. M'chaka cha 2012 bukuli linasandutsidwanso sewero lomwe linaonetsedwa ku London.

Ena awiri oti muwadziwe

M'chaka cha 2006 a Ayebia anatulutsa African Love Stories, buku la nkhani zifupizifupi 21 zolembedwa ndi amayi, zomwe anasonkhanitsa ndi malemu mayi Ama Ata Aidoo a ku Ghana, amene anatisiya mu 2023. Cholinga chinali kuonetsa kuti ku Africa kulinso nkhani za chikondi, osati za nkhondo ndi njala zokha. Muli alembi monga Chimamanda Ngozi Adichie, Leila Aboulela ndi Sindiwe Magona. Nkhani ya Monica Arac de Nyeko wa ku Uganda yotchedwa Jambula Tree inapata mphoto ya Caine mu 2007. Nkhani imeneyi ikukamba za chikondi cha atsikana awiri ndi momwe anthu oyandikana nawo anawachitira. Ili ndi buku la akulu, ndipo makolo ayambe aliwerenga okha asanalipereke kwa achinyamata. Kwa ife ogwira ntchito ya mashifiti ndi losavuta, chifukwa nkhani imodzi imatha pa nthawi yopuma.

Lina ndi Bu Me Be, la m'chaka cha 2007, lomwe muli miyambi yopitirira 7,000 ya mtundu wa Akan wa ku Ghana, yolembedwa m'chiyankhulo chawo ndi kumasuliridwa m'Chingerezi. Anasonkhanitsa ndi mayi Peggy Appiah, mwana wawo Kwame Anthony Appiah ndi a Ivor Agyeman-Duah. Tikulitchula pano chifukwa likutikumbutsa kuti nafenso tili ndi athu. Malemu bambo J. C. Chakanza anasonkhanitsa miyambi 2,000 ya Chinyanja m'buku lotchedwa Wisdom of the People, ndipo Nzeru za Kale la a Stevenson Kumakanga ambiri tinakula nalo.

Tingawapeze bwanji?

Njira yoyamba ndi laibulale ya m'dera lanu. Kulembetsa ndi kwaulere, ndipo buku likasowa pashelefu mutha kupempha kuti akuitanitsireni kuchokera ku nthambi ina kapena kuti aligule. Tikamapempha mabuku a ku Africa pafupipafupi, oyang'anira malaibulale amadziwa kuti owerenga ake alipo. Njira yachiwiri ndi kuitanitsa kudzera m'sitolo ya mabuku kapena pa intaneti; ingoperekani dzina la wolemba ndi mutu wa buku. Ofuna mabuku osindikizidwa ku Malawi komweko afufuze ku African Books Collective, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi osindikiza a ku Africa ndipo limagulitsa kunja kuno mabuku a Kachere Series a ku Zomba ndi a Mzuni Press a ku Mzuzu.

Mabuku onse a Ayebia omwe tatchulawa ndi a m'Chingerezi, ndipo sangalowe m'malo mwa mabuku a m'chiyankhulo chathu. Choncho amene mukupita kumudzi pa tchuthi, musiyeko kampata m'sutikesi pakati pa ufa, usipa ndi chambiko. Mubweretse Nthondo la a Samuel Ntara, Kukula ndi Mwambo la a John Gwengwe kapena Njala Bwana la a Willie Zingani. Mabanja atatu kapena anayi atagwirizana kuti lililonse ligule buku limodzi n'kumabwerekana, pakutha pa chaka mwana aliyense adzakhala atawerenga mabuku angapo onena za anthu ofanana naye. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mayi Clarke ataona kuti khomo la nkhani za ku Africa likutsekedwa, anatsegula lawo. Gawo lathu ndi lopepuka kuposa lawo: kugula, kubwereka, kuwerenga ndi kukambirana ndi ana athu. Tiyeni tiyambe mwezi uno.